Kamwanabibi ka mu Laputopu

Dzina langa ndi Mwanabibi, koma pa doko lathu, kumtunda kwa Nkopola, amanditcha Abiti Atumani, kutanthauza mwana wamkazi wa a Atumani. Ntchito yanga ndi kuyanika usipa. Mathandala anga asanu ndi limodzi ali pamchenga pomwe mayi anga ankayanika, mapazi makumi atatu kuchoka pokocheza maboti, pamalo podutsa mphepo tsiku lonse. Usipa ukachoka m'boti n'kufika pathandala usanatenthe m'beseni, umauma woyera, ndipo wogula wa ku Limbe akaugwira safunsa kawiri. Ukachedwa pang'ono umaphulika mimba, umanunkha, umangokhala chakudya cha nkhuku. Moyo wanga wonse uli pa mapazi makumi atatu amenewo.

Ndiye kunabwera nkhani ya loji. Anthu ena anafuna kumanga loji yatsopano m'mbali mwa nyanja, ndipo mpanda wake unayenera kudutsa pamchenga wathu. Ife anati atipatsa malo ena kuseri kwa msewu, m'njira yopita ku chigayo, pomwe galimoto ikadutsa fumbi limakhala m'mwamba kudikira galimoto ina. Ku boma anawauza kuti mpanda sungamangidwe pokhapokha eni mathandala atavomera. Eni mathandala tinalipo amayi makumi asanu ndi awiri.

Amene anatumidwa kudzamva maganizo athu sanali mlendo ayi. Anali Latif, mwana wa achimwene anga a Sumani, omwenso ndi tcheyamani wa komiti ya doko. Latif anaphunzira zamakompyuta ku Blantyre, ndipo amagwira ntchito ku kakampani kopanga magemu a pafoni. Ndi iye anapanga gemu ya bawo ija imene amuna a kuno amaitukwana m'mawa ndi masana chifukwa siigonja. Mwezi wa Juni anazungulira doko lonse foni ili m'manja, kukhala pansi ndi mayi aliyense, kumufunsa nthawi imene amadzuka, amagula kwa ndani, amatani kukachita mphepo ya mwera. Ine ndinamufotokozera zonse osabisa, poti mwanayu ndinamuberekapo kumsana ali khanda. Pomaliza anandiwerengera za malo atsopano aja n'kundifunsa maganizo anga. Ndinamukana mwaulemu, monga momwe munthu amakanira mwana wa mchimwene wake amene wabwera pantchito. Ndinamupatsa usipa wofutsa m'jumbo, anapita.

Mu Okutobala anatiitana ku shedi ya komiti Lachinayi m'mawa. Anapachika nsalu yoyera pakhoma, Latif atakhala kumbuyo kwa laputopu, ndipo kutsogolo kunaima a Basil, oimira eni loji. A Basil ndi munthu wa kuno, wobadwira ku Malindi, koma nsapato zawo zinali zitaiwala kale mchenga. Anatiuza kuti tiona doko lathu pansalupo, ndiponso tianthu tamoyo, kamodzi kuimira mayi mmodzi. Anati tianthuto palibe amene amatiyendetsa. Kalikonse kali ndi nzeru zake, zimene kanaphunzira kuchokera ku mawu athu omwe aja tinajambulidwa, ndipo kamasankha kokha chochita. Anati timatchedwa maejenti. Marita, mnzanga woyandikana naye thandala, anandinong'oneza kuti ndifunse ngati maejenti amenewa amagulitsanso mayunitsi.

Kenako doko linaonekadi pansalu. Mkuyu wathu, maboti, mizere ya mathandala, ngakhale chimbudzi chogwa chija chinalipo. Tianthu tinayamba kuthamangira ku maboti ndi timabeseni. Pakati pawo panali kena ka mpango wobiriwira, kokoka mwendo wamanzere, dzina langa litalembedwa pamwamba pa mutu wake. Shedi yonse inafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, ndipo ndisaname, ndinanyada, chifukwa kanthuko kankafika ku boti koyamba nthawi zonse ngakhale kanali kotsimphina.

A Basil anauza Latif kuti adinde batani. Mzere wofiira unadutsa pamchenga, ndiwo mpandawo. Tianthu tonse tinaima kaye. Ndiye ndinaona ndi maso angawa ka mpango wobiriwira kaja kakusenza thandala pamutu n'kuyamba ulendo wa kuseri kwa msewu, osacheuka n'komwe. Tinzake tinatsatira pamzere. A Basil anawerenga mokweza mpaka makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Anafulumizitsa masiku, chaka chinatha tisanameze malovu, ndipo tianthu tonse tosamukato tinali tikusekerera pafupi ndi chigayo.

"Abiti," anatero Marita, "bwanji osatiuza kuti mwanyamula kale?"

Ndinakweza dzanja. Achimwene anati mafunso pomaliza. Pomaliza pake panabwera mabanzi ndi zakumwa, ndipo a Basil analengeza kuti Lolemba kubwera munthu wa ku boma ndi pepala loti tidindepo chala. Anati kudindako n'kongokwaniritsa mwambo, poti mwaona nokha kuti mwavomera kale.

Ndinapsa mtima kwambiri, koma chimene chinandiwawa chinabwera masana tikutembenuza usipa. Amayi anzanga anakhulupirira zimene anaona pansalu. Aliyense ankadziwa mumtima mwake kuti sakufuna kusamuka, koma ankaganiza kuti ndi iye yekha, poti anzake onse anawaona pansalu akusenza. Esime, amene ali ndi mathandala awiri okha ndi ana asanu, anandiuza maso ali pansi kuti ngati Abiti Atumani akupita, iye ndani kuti atsale. Ndinamuuza kuti ine sindikupita kulikonse. Anandiyankha kuti koma tinakuonani.

M'mawa mwake ndinasiyira Marita usipa wanga, ndinakwera minibasi ya ku boma. Latif ankagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msika, momwe munali tebulo, mipando iwiri ndi fani yolira ngati chigayo. Atandiona anadzuka msangamsanga, kundilonjera ndi manja awiri, kufuna kukagula tiyi. Ndinamuuza kuti tiyi ndamwa kwathu.

"Ndabwera kudzaonana ndi mnzanga wa dzina," ndinatero. "Kaitane."

Anaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ataona nkhope yanga anatsegula laputopu. Anati kanthuko kamatha kuyankhula, ndingoyang'ana pagalasi n'kufunsa chimene ndikufuna. Kanaonekadi, mpango wobiriwira uli kumutu, n'kundipatsa moni ndi mawu osalala ngati a wowerenga nkhani pawailesi. Ndinayamba ndi kukayesa. Ndinakafunsa kuti usipa wa m'mawa umatembenuzidwa nthawi yanji, kanayankha bwino. Ndinakafunsa kuti kukachita mitambo timatani, kanayankhanso bwino, mpaka kutchula zofutsa ndi madzi amchere pang'ono monga ndimachitira ine, osati monga amachitira Marita. Kanthuko kanali katamvetsera ndithu zonse zimene ndinanena.

"Tsono iwe," ndinakafunsa, "thandala lija unasenzeranji?"

"Ndinasenza chifukwa ndinavomera kusamukira ku malo atsopano," kanatero.

"Unavomera liti? Unavomera kwa ndani?"

Kanatchula tsiku la mu Juni. Latif anati mawu amene anajambula tsikulo alipo, atha kundiseweretsa kuti ndisamukayikire. Anadinda, ndipo m'kachipinda muja munamveka phokoso la doko, mwana akulira chapatali, kenako mawu anga enieni, okhuthala ndi chimfine chimene ndinali nacho mwezi umenewo.

"Tamva, bambo. Tamva ndithu."

Ndinamuyang'ana Latif. Iye anayang'ana laputopu. Fani inapitiriza kulira.

Aliyense wokulira kuno amawadziwa mawu amenewa. Munthu akabwera pakhomo pako ndi nkhani yopanda mutu, sumuuza pamaso kuti wasokonezeka. Umati tamva. Ndiye kuti makutu agwira ntchito yake, zina zonse zikhale pomwe zili. Ukawonjezera kuti ndithu, ndiye kuti nkhaniyo yafera pomwepo, mlendo anyamule chipewa chake. Wovomera amafunsa tsiku, amafunsa kuti tibwere ndi chiyani. Wonena kuti tamva safunsa kanthu.

"Iwe Latif," ndinatero, "amayi ako akawauza abambo ako kuti tamva, panyumba paja pamachitika chiyani?"

"Palibe chimene chimachitika, azakhali," anayankha chapansipansi.

Anaseweretsa mawu a Marita. Tamva. A Esime, tamva, achimwene. Anapitiriza, ndipo aliyense anali tamva. Kenako anaulula. Mawu amene anajambula anali a maola oposa makumi asanu, ndipo a Basil ankafuna ntchito ithe msanga. Iye sanawamvetserenso. Anawapereka ku pulogalamu ina imene imamvetsera mawu a anthu n'kuwagawa m'magulu, ovomera uku, okana uku. Pulogalamuyo inaphunzira Chichewa chake m'mabuku, ndipo kwa iyo munthu amene wamva ndiye kuti wagwirizana nazo. Amayi asanu amene anawerengedwa kuti akana ndi aja pakamwa pawo palibe chitseko, amene anamuuza Latif kuti loji yakeyo akamange pamanda a agogo ake. Ife aulemufe tinapezeka tonse tili m'gulu la osenza.

Ndinafuna kumukalipira mpaka a m'sitolo atuluke. Koma nditaona mmene anagwirira mutu, mkwiyo unasakanikirana ndi chisoni. Mwana wobadwira pa doko, wodya usipa wa pathandala langa, anapempha makina kuti amumasulire mawu a azakhali ake. Ndinangomuuza kuti akonze, ndili pompano.

Zinamutengera nthawi yokwana kuphika nyemba theka. Anasintha m'tianthu tonse kuti tamva uja akhale kukana, n'kuyambitsanso gemu yake. Doko linaonekera, maboti anakocheza, mzere wofiira unadutsa. Ka mpango wobiriwira kanaima pafupi ndi thandala lake. Tinadikira. Kanatembenuzira mutu kumanja, kanatembenuzira kumanzere, kanaimabe. Tinzake nato tinaima. Masiku amene ankathamanga pakona ya galasi anaima pa tsiku limodzi. Laputopu inayamba kutentha n'kumapuma mokweza kuposa fani ija.

Ndinafunsa ngati kafa. Latif anati ayi, kakusowa chochita. Anati popanga gemuyi tianthuto anatipatsa zochita zinayi zokha: kugula, kuyanika, kugulitsa ndi kusamuka. Kukana sanaikemo, chifukwa palibe amene anawapempha kuti aikemo. Tisanu tija tokana, gemu inkangotisiya m'mbali osatiwerenga. Koma tsopano tonse tinali titakana, ndipo gemuyo sinkatha kupita ku tsiku lotsatira mpaka kalikonse katasankha chimodzi mwa zinayi zija. Komanso kalikonse anakapanga kuti kaziyang'ana kaye chimene kanzake koyandikana nako kakuchita, ndiye tonse tinkangoyang'anizana.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinali ndisanakondwepo choncho chiyambire nkhani ya loji. Ndinauza kanthuko kuti tsopano ndiwe mwana wa Atumani.

Koma Latif sanaseke. Anati lipoti linapita kale ku boma ndi siginecha yake. Akanena zoona, kampani yawo itaya ntchito ndipo iye ndiye woyamba kuchotsedwa. Anatinso abambo ake anaima pamaso pa alendo n'kulonjeza kuti amayi a pa doko alibe vuto. Anandipempha kuti Lolemba ndisayankhule kanthu, ndimupatse sabata ziwiri, aone njira yowauzira a Basil mwakachetechete. Ndinamufunsa ngati inki ya Lolemba idzadikira sabata ziwirizo isanaume. Anangobwereza kuti chonde, azakhali, chonde.

"Tamva, bambo," ndinatero, ndikumanga chitenje.

Anatseka maso ngati ndamuponda chala.

Loweruka ndi Lamulungu ndinayenda thandala ndi thandala kufotokoza. Ena anaseka, ena anakwiya, koma ambiri anangogwedeza mutu. Nkhani ya pulogalamu yosamva Chichewa inali yovuta kuiika pambali pa chinthu chimene anachiona ndi maso pansalu yoyera. Wina anandifunsa ngati ine wosadziwa kulemba dzina langa ndingapose kompyuta. Ndinamuuza kuti pa nkhani ya zimene zili mumtima mwanga ndimaiposa kutali. Marita yekha ndi amene anati wandikhulupirira, koma anawonjezera kuti kukhulupirira n'kwina, kukana pamaso pa a tcheyamani n'kwinanso.

Lamulungu masana achimwene anabwera kunyumba, atamva kuti ndikuzungulira. A Sumani si munthu woipa. Vuto lawo ndi loti mlendo akavala malaya ositidwa, iwo amayamba kuvomera asanamve funso. Anakhala pampando, anandiuza za anyamata a m'mudzi amene adzapeze ntchito yaulonda ndi yotchetcha udzu, za magetsi amene adzafike mpaka ku mzikiti. Ndinawafunsa ngati anayamba ayanikapo usipa m'fumbi. Anati zimenezo ndi zazing'ono, zikonzedwa. Anandiuza kuti mawa ndisawachititse manyazi. Ndinawaperekeza mpaka pa mpanda.

Lolemba shedi inadzaza. Kutsogolo kunali tebulo, pamenepo pepala la mayina athu ndi kabokosi ka inki kotsegula. Mayi wa ku ofesi ya boma anakhala pambali ndi kope lake, nkhope yotopa ya munthu amene waona misonkhano yambiri. A Basil anati kuti mayiyu aone yekha, tionerenso gemu ija. Latif anaiyambitsa osakweza maso. Inali yakale ija. Ka mpango wobiriwira kanasenzanso thandala, ulendo wa ku chigayo.

Kuno mayi akafuna kuyankhula pamsonkhano amayankhula atakhala pansi, atapatsidwa mpata. Ine ndinaimirira. Mwendo wamanzere unandiwawa, koma ndinaima. Achimwene anati mafunso pomaliza. Ndinati ili si funso la kwa iwo.

"Latif, mwana wa achimwene anga," ndinatero, "kanthu kako kasenza thandala langa kawiri tsopano. Tiseweretsere mawu amene kanamva kuti kasenze. Timve tonse, mayi wa ku bomayu amvenso."

A Basil anati zimenezo ndi za akatswiri, zitichedwetsa. Mayi wa ku boma anati iye sakufulumira. Latif anayang'ana abambo ake, anayang'ana a Basil. Ine sanandiyang'ane. Ndinadziwa kuti ndikumupempha chinthu chachikulu, koma sindinabweze mawu anga. Kenako anaweramira pa laputopu, n'kukweza sipika mpaka pamapeto.

Anayamba ndi anga. Kenako a Marita, a Esime, a ena onse motsatizana, opanda chopumira pakati. Tamva, bambo. Tamva, achimwene. Tamva ndithu. Eya, tamva. Pofika wachisanu amayi anali atayamba kugwirana mapewa. Pofika wakhumi shedi inali itaphulika. Aliyense ankazindikira mawu a mnzake n'kumuloza, ndipo kuseka kwake sikunali kwa nthabwala yokha. Kunali kwa anthu amene angozindikira kuti sanali okha. Esime anaseka atabisa nkhope m'chitenje. Mayi wa ku boma naye anadziwa tanthauzo la mawuwo, ndinamuona akuluma mlomo uku akulemba m'kope.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinawapeputsa a Basil.

Anadikira phokoso lizilale, akumwetulira ngati nawonso asangalala. Anati makina ndi makina, amalakwitsa, ndipo akuthokoza Abiti Atumani potithandiza. Anati ndiye tisiye za gemu, tifunsane maso ndi maso monga anthu. Amene akuvomera adinde, amene sakufuna anene yekha pano kuti sakufuna. Ndipo pofuna kulemekeza mudzi, pepalalo sayenda nalo iwo. Ayenda nalo a tcheyamani, mayi ndi mayi.

Kuseka kunatha nthawi yomweyo. A Basil anakulira kuno, amatidziwa bwino kuposa pulogalamu ija. Ankadziwa kuti mayi wa pa doko lino atha kukana mumtima chaka chonse, koma sangayang'ane a Sumani m'maso, pamaso pa alendo, n'kuwabweza ndi pepala m'manja. Ena mwa amayiwo a Sumani anawaimira pamaliro a amuna awo. Ena anawaweruzira milandu ya malire. Chala chikanapita chokha pa inki.

Achimwene anatenga pepala ndi kabokosi kaja. Akanatha kuyambira kumapeto kwa mzere, koma anabwera molunjika kwa ine. Ndikuganiza kuti anawerengera kuti ine ndikadinda, ena onse atsatira, ndipo pamenepo sanalakwitse. Anaima pafupi kwambiri, n'kutsitsa mawu kuti ndimve ndekha.

"Achemwali, mwaseka, mwakondwa, basi. Dindani. Mukandibweza pano, ukwati wa Naima mupeze wina wokuimirani."

Naima ndi mwana wanga womaliza, ndipo ukwati wake unali mu Disembala. Bambo ake anamwalira. Nkhoswe yake, amene anakambirana ndi akuchimuna kuyambira pachiyambi, anali amalume akewa. Mwana wamkazi kukwatiwa amalume ake ali moyo koma osapezekapo, anthu amakamba mpaka adzukulu. Zinandilasa, ndipo iwo anadziwa kuti zandilasa. Ndinaona nkhope ya mwana wanga m'maganizo, ndipo dzanja langa linatsala pang'ono kunyamuka.

Ndinayang'ana kunja kwa shedi. Mathandala ankaoneka kuchokera pamenepo, usipa wa m'mawa uli mbee padzuwa, wofunika kutembenuza. Mawu aulemu aja anabwera okha pakamwa, monga amabwerera nthawi zonse, ndipo ndinawameza. Pa zaka zanga makumi asanu ndi zitatu ndinali ndisanawakanepo achimwene anga poyera.

"Ayi, achimwene," ndinatero, mokweza kuti a kumbuyo amve. "Sindidinda. Sindisamuka. Thandala langa silichoka pamene lili."

Ndinabwereza m'Chiyao, chinenero chimene mayi athu ankatikalipira nacho tonse awiri, kuti pasadzapezeke munthu kapena makina onena kuti sanamvetse.

"Ngwamba."

Kenako ndinatsitsa mawu, poti izi zinali za ife awiri. Ndinawauza kuti nkhoswe ndikaipempha kwina ndikugwada, ndipo ndidzalira pochita zimenezo. Koma mchenga uwu ndikaupereka lero, palibe kumene ndingakaupemphe.

Sanali okwiya chabe, anali opwetekedwa, ndipo zinandiwawa kuona achimwene anga ali choncho pamaso pa anthu. Anasuntha phazi limodzi, n'kuima pamaso pa Marita, kumutambasulira kabokosi ka inki.

Marita anapukuta manja pachitenje. Anakalandira kabokosiko, anakayang'ana kanthawi, anatseka chivindikiro chake bwinobwino, n'kukabweza kwa a tcheyamani ndi manja awiri.